Digiri ya Kompyuta ndi Ife a mu Komboni

Mwana wa mu komboni akauza makolo ake kuti pa fomu ya ku yunivesiti walembapo Computer Science, pamayamba pakhala kaye chete, kenaka funso limabwera: "Nanga ukatsiriza uzakhala ndani?" Dokotala timamudziwa, tinamuona ku chipatala ku Kanyama kapena ku Matero. Loya timamudziwa. Mphunzitsi timakhala naye mu yadi imodzi. Koma uyu wa kompyuta, amai ena amaganiza kuti akupita kukaphunzira kutaipa kwa zaka 4, atate ena amaona ngati adzathera pa kantemba ku Town Centre kuchotsa mapasiwedi m'mafoni a anthu. Mafunso otere amafika pa wailesi yathu chaka chilichonse zotsatira za Giredi 12 zikatuluka, ndipo sitiwaseka ai. Ndalama zimene banja limaika pa mwana mmodzi wa pa yunivesiti ndi za lendi, za unga ndi za malasha za nyumba yonse, choncho wofunsayo ayenera kudziwa chimene akugula. Tiyeni tibwerere m'mbuyo tione kumene maphunziro awa anachokera, ndi mmene anayandikirira makomboni athu.

Pamene dziko linalandira ufulu pa 24 October 1964, anthu akuda a muno amene anali ndi digiri anali pafupifupi 100 chabe. Chaka cha 1963, bungwe lotsogozedwa ndi Sir John Lockwood linali litalangiza kale kuti dziko likhale ndi yunivesiti yakeyake. Lamulo lokhazikitsa University of Zambia linapita mu 1965, ndipo mu March 1966 ophunzira 312 anayamba maphunziro ku Ridgeway. Mu July chaka chomwecho a Kenneth Kaunda anaika mwala wa maziko ku Great East Road. Akuluakulu amakumbukira kuti anthu wamba anasonkha chimene anali nacho, ena ndalama, ena nkhuku ndi mbuzi, kuti sukuluyo imangidwe. Masukulu oyamba anali atatu: la uphunzitsi, la maphunziro a za anthu ndi chikhalidwe, ndi la sayansi. Dziko linkafuna aphunzitsi, akuluakulu a m'maofesi, kenaka maloya, mainjiniya ndi madokotala. Za digiri ya kompyuta palibe amene ankazikamba, ndipo sitingawaimbe mlandu, chifukwa ngakhale kunja phunziroli linali khanda. Ku Cambridge dipuloma yake inayamba mu 1953, ndipo dipatimenti yoyamba ya Computer Science ku America inatsegulidwa pa Purdue University mu 1962, zaka 4 chabe UNZA isanalandire ophunzira.

Yunivesiti itamangidwa inapeza Kalingalinga ilipo kale pambali pake. Nthawi imeneyo boma linkaiona ngati malo okhalamo popanda chilolezo, ndipo mu 1967 Mtendere inatsegulidwa kuti ena asamukire kumeneko. Ambiri sanasamuke. Lamulo la nyumba la 1974 ndilo linatsegula njira yoti makomboni ngati George ndi Chawama avomerezedwe ndi kukonzedwa, kuikidwa misewu ndi mipopi ya madzi. Choncho m'zaka zoyambirirazo, anthu ochuluka a mu komboni amene ankalowa pa geti ya UNZA m'mawa ankapita kukasesa, kukaphika, kukadula udzu ndi kukalonda. Mtunda wake ndi wa kuyenda pansi mphindi zochepa, koma panapita nthawi kuti ana a anthu amenewa ayambe kuuyenda atanyamula mabuku.

Makompyuta m'dziko analimo, koma sanali a ophunzira. Oyambirira anali a makampani a migodi ku Copperbelt ndi a boma, owerengera malipiro a anchito ndi katundu wa m'masitolo a pa mgodi. Anali makina odzaza chipinda chonse, ofuna mphepo yozizira usana ndi usiku. Munthu ankalemba pulogalamu papepala, m'chinenero monga COBOL kapena FORTRAN, wina n'kuiboola pa timakadi, kadi imodzi mzere umodzi. Mulu wa makadiwo unkaperekedwa kwa woyendetsa makina, ndipo yankho linkabwera pambuyo pa maola kapena tsiku lotsatira. Ukaphonya chilembo chimodzi, unkayambanso. Ambiri odziwa nchitoyi anali ochokera kunja, ndipo anthu a muno amene anaiphunzira anaiphunzirira pa nchito pomwepo kapena anatumizidwa ku makosi kunja kwa dziko.

Ife a pa wailesi nkhaniyi imatikumbutsa yathu. Mu 1949 kunabwera kawailesi kotchipa kotchedwa Saucepan Special, kooneka ngati poto, kamene Harry Franklin wa Central African Broadcasting Station ya mu Lusaka anakakamiza kampani ya Ever Ready kuti ipange. Anthu akuda anayamba ngati omvera chabe. Kenaka ena monga Alick Nkhata analowa mkati, nakhala oulutsa ndi oimba, ndipo lero msewu umene umadutsa pa Kalingalinga, pomwe anyamata amawotcherera mageti ndi mafelemu a mawindo, uli ndi dzina lake. Chida chachilendo chimayamba kutipeza ngati ogula. Kulowa m'chipinda momwe chimapangidwira ndi ulendo wina, ndipo pa kompyuta ulendo umenewo unadutsira ku masamu.

Apa tiime pang'ono, chifukwa ndi pamene mabanja ambiri amasokonezekera. Kwa zaka zambiri maphunziro a kompyuta pa UNZA ankaphunzitsidwa pansi pa masamu. Dipatimenti yoima payokha inabwera pambuyo pake, mkati mwa School of Natural Sciences, poyamba ndi dzina la Computer Studies. Sizinangochitika mwangozi. Chimene wophunzira amaphunzira kwenikweni ndi njira zothetsera vuto mwa masitepe amene makina angatsatire popanda kufunsa. Tiyerekeze kuti muli ndi kaundula wa maina 1,000,000, ngati wa anthu olembetsa manambala a foni, ndipo mukufuna dzina limodzi. Mukayamba pa tsamba loyamba kuwerenga limodzilimodzi, mungafunike kuona maina onse miliyoni. Koma ngati mainawo anasanjidwa motsatira alifabeti, mumatsegula pakati, n'kuona ngati dzina lanu lili kutsogolo kapena kumbuyo, n'kutaya theka limene mulibe, n'kutsegulanso pakati pa lotsalalo. Mukachita zimenezi ka 20 mwalipeza. Kusiyana kwa miliyoni ndi 20 ndiko kumachititsa kuti mukatumiza ndalama pa booth uthenga ufike musanabweze foni m'thumba. Njira zotere zimatchedwa algorithm, liwu lochokera ku dzina la al-Khwarizmi, katswiri wa masamu amene ankagwira nchito ku Baghdad zaka zoposa 1,100 zapitazo. Wophunzira wa digiri amathera zaka zake pa zinthu ngati izi: kusanja ndi kusunga uthenga, mmene makina amalankhulirana pa netiweki, mmene pulogalamu yaikulu imamangidwira ndi anthu ambiri popanda kugwa, ndi mmene munthu angatsimikizire kuti njira yake ndi yolondola asanaiyese. Kutaipa amangokuphunzira m'njira.

Choncho khomo lake linali masamu, ndipo linali lopapatiza. Kwa nthawi yaitali wophunzira wa sayansi pa UNZA ankalowa chaka choyamba pamodzi ndi anzake onse, kuphunzira masamu, fizikisi, kemisitiri ndi bayoloji, kenaka pa mapeto a chaka ankapikisana mapointi kuti alowe ku udokotala, ku uinjiniya, ku migodi, ku ulimi kapena ku za ziweto. Ma monk ndi ma moma akudala amaidziwa bwino nkhondo ya kota imeneyi. Ambiri ankalota udokotala, ndiye ena anafika ku kompyuta chifukwa chitseko china chinatsekeka, ena chifukwa anaikondadi. Kwa mwana wochokera ku sukulu ya mu komboni, kumene kalasi imodzi inkakhala ndi ana ochuluka kuposa madesiki ndipo labu inali dzina chabe, chaka choyambachi ndicho chinali phiri.

Pali nkhani ina ya kompyuta mu Lusaka imene sinadutse pa yunivesiti, koma ndi yoyenera kuikamba. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1980, likulu la ANC lili muno mumzinda, Tim Jenkin anapanga njira yotumizira mauthenga obisika pakati pa South Africa, London ndi Lusaka, pa nchito yotchedwa Operation Vula. Uthenga unkalembedwa pa kompyuta, n'kusandutsidwa manambala osamveka, kenaka phokoso lojambulidwa pa tepi, n'kuuliza pa foni ya anthu onse. Mwa njira imeneyi mawu a Nelson Mandela ali m'ndende ankafika kwa Oliver Tambo kuno. Ife tinkadutsa m'misewu yomweyo osadziwa kanthu.

Chaka cha 1991 timachikumbuka chifukwa cha masankho a pa 31 October, pamene a Frederick Chiluba ndi MMD analowa m'boma. Koma chaka chomwecho pa Computer Centre ya UNZA, imene inkatsogozedwa ndi Mark Bennett, panayamba chinthu chimene manyuzipepala sanachilabadire. Anaika kompyuta wamba ndi modemu, n'kuyamba kutumiza ndi kulandira imelo pa njira yotchedwa FidoNet. Sinali intaneti monga tikuidziwira lero. Makalata ankaunjikana mu kompyutayo kudikira, ndipo kangapo pa tsiku inkalumikizana pa foni ndi kompyuta ina ku Rhodes University ku Grahamstown, n'kupereka mtolo wake ndi kulandira wobwera. Zinali ngati basi ya ku Intercity imene siinyamuka isanadzaze. Chodabwitsa n'chakuti khomo lathu loyamba lotulukira ku dziko lonse linadutsira ku South Africa, dziko limene panthawiyo linali lisanachite masankho a anthu onse, ndiponso limene asilikali ake anali ataukirapo Zambia zaka zochepa m'mbuyomo.

Ofuna imelo anachuluka, a m'zipatala, a m'mabungwe, a m'maofesi a boma, mpaka kakompyuta kaja ndi foni imodzi zinalephera. Mu 1994 yunivesiti inakhazikitsa kampani yake, ZAMNET Communication Systems, mothandizidwa ndi ngongole ya World Bank. Mu November 1994 chingwe chobwereka chopita ku Cape Town chinayamba kugwira nchito, ndipo Zambia inakhala dziko loyamba kum'mwera kwa chipululu cha Sahara, kupatulapo South Africa, kukhala ndi intaneti yathunthu. Neil Robinson, mmodzi wa akatswiri amene anaimanga, analemba mbiri yake pambuyo pake. Liwiro la chingwecho linali mabiti 14,400 pa sekondi. Tikawerengetsa, chithunzi chimodzi cha pa foni ya lero, cha 3 MB, chikanatenga pafupifupi theka la ola kuti chidutse, ndipo chingwe chimodzicho chinali cha dziko lonse. Tingaseke, koma tinatsogola kuposa Kenya ndi Nigeria, maiko amene lero timawayang'ana ngati akuluakulu pa za kompyuta. Ndipo zonsezi zinachitikira pa mtunda umene munthu wa ku Kalingalinga amayenda osatuluka thukuta, pa nthawi imene nyumba zambiri za mu komboniyo zinkaunikira nyali ya palafini.

Sipanapite zaka ziwiri boma lisanazindikire kuti chinthu chatsopanochi chili ndi mano. Mu February 1996 nyuzipepala ya The Post inatulutsa nkhani yovumbula mapulani a boma okhudza referendamu ya malamulo a dziko. Kope limenelo, la nambala 401, linaletsedwa, a Fred M'membe ndi anzawo awiri anamangidwa, ndipo ZAMNET inauzidwa kuti ilichotse pa intaneti. Linachotsedwa muno, koma wina kunja anali atalikopera kale, n'kuliika pomwe lamulo lathu silifika. Ambiri amaitchula nkhaniyi ngati nthawi yoyamba imene boma la mu Africa linaletsa nkhani pa intaneti. Amene anavota pa 12 August 2021, tsiku limene WhatsApp ndi Facebook zinaleka kugwira nchito mpaka khoti linalamula kuti zitsegulidwe, akudziwa kuti mkanganowo sunathe. Wophunzira kompyuta, afune asafune, amaphunzira luso limene andale amalifuna ndi kuliopa nthawi imodzi.

Pambuyo pa 1994 zinthu zinathamanga. Lamulo la chaka chimenecho linagawa PTC kukhala Zamtel ndi Zampost. Telecel inabwera mu 1997, Zamcell mu 1998, ndipo maina anasintha mpaka kukhala MTN ndi Airtel. Mu tauni munadzaza ma internet cafe, olipiritsa pa mphindi. Apa ndi pamene ambiri a ife a zaka za m'ma 30 tinakhudzira kiyibodi koyamba. Timasukulu ta kompyuta tinamera paliponse, m'zipinda za pamwamba pa masitolo ku Cairo Road ndi ku Cha Cha Cha, ku Matero ndi ku Chawama, tophunzitsa "mapakeji": Word, Excel, PowerPoint, miyezi itatu, satifiketi m'manja. Ena anapita patsogolo kukatenga madipuloma ku Evelyn Hone College, ku NIPA, kapena a IMIS olembedwa kuchokera ku Britain. Sitikunyoza njira imeneyi, ndi yathu, ndipo yadyetsa mabanja ochuluka kuposa amene digiri yadyetsa. Ma sekilitale, ogwira m'mabanki, okonza makompyuta m'maofesi, ngakhale ife amene timadula ndi kulumikiza mawu a pulogalamu ya pa wailesi, tinachokera kumeneko. Koma inasiya maganizo akuti "kuphunzira kompyuta" ndi chinthu cha miyezi itatu. Ndiye kholo likamva za zaka 4 limadabwa, ndipo kudabwa kwake kuli ndi chifukwa. Wa mapakeji anaphunzira kuyendetsa galimoto. Wa digiri akuyenera kutuluka akudziwa kupanga injini, ngakhale kuti si onse amatulukadi otero.

Masukulu opereka digiriyi anachulukanso. Copperbelt University ku Kitwe, imene inaima payokha mu 1987, inatchuka msanga pa maphunziro a kompyuta, moti kwa nthawi ina olemba nchito ankakamba za a CBU asanakambe za a UNZA. Mulungushi University inatsegulidwa ku Kabwe mu 2008. Koleji ya Zamtel ku Ndola inasanduka Zambia ICT College, kenaka Zambia University College of Technology. Mayunivesiti a anthu wamba monga Cavendish ndi University of Lusaka anawonjezera malo, ngakhale kuti kumeneko mwana wa mu komboni amafunika thumba lolimba.

Thumba ndilo pamene pagona nkhani. Kudala boma linkalipirira ophunzira kudzera ku Bursaries Committee, BC imene ma monk ankaiimbira nyimbo ikachedwa. Lamulo la 2016 linaika Higher Education Loans and Scholarships Board m'malo mwake, ndipo zinamveka poyera kuti ndalamazo ndi ngongole yobweza munthu akayamba nchito. Mu 2019 ndalama za chakudya zinachotsedwa pa nthawi ya nduna Nkandu Luo, n'kubwezeretsedwa mu 2023. Sukulu yaulere imene inayamba mu January 2022 imathera pa Giredi 12. CDF inakwera kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa konstityuwensi iliyonse chaka chomwecho, koma mabasare ake ndi a sekondale ya boding'i ndi a maluso a manja, si a digiri. Ndipo pali mtengo umene sulembedwa pa fomu iliyonse. Wophunzira mbiri kapena malamulo angathe kukhalira laibulale ndi mafotokope. Wa kompyuta amafunika laputopu yakeyake, mabundle, ndi malaiti, chifukwa pulogalamu siiphunziridwa poiwerenga, imaphunziridwa poilemba, kuiona ikukana, ndi kuikonza mpaka usiku. Malo ogona pa kampasi ndi ochepa, ndiye ambiri amachita lendi m'mabodin'gi a ku Kalingalinga ndi ku Mtendere. Makomboni amene kale ankatumiza osesa ku yunivesiti lero akugoneka ophunzira ake, ndipo eni nyumba ena anagumula zimbudzi zakale kuti amange zipinda zina.

Boma linayesa kutsitsa maphunzirowa kuti afike kwa ana onse. Ndondomeko ya dziko ya ICT inalembedwa mu 2006, ndipo silabasi yatsopano inaika Computer Studies mu Giredi 8 kuyambira 2014. Mayeso oyamba a Giredi 9 anachitika mu 2015, ndipo amene anali ndi ana m'kalasi imeneyo sadzaiwala. Masukulu ambiri anali ndi makompyuta ochepa kwambiri, ena obwereka kwa aphunzitsi ndi kwa makolo, ana mazanamazana akudikira pa mzere kuti aliyense akhalepo. Chinalinso chaka cha load shedding ya maola 8 pa tsiku chifukwa madzi anachepa ku Kariba. M'malo ena ana analemba mayesowo mpaka usiku, makolo ataima pa geti ndi matochi. Maganizo ake anali abwino, koma anafika patsogolo pa zipangizo. Ena mwa ana a Giredi 9 imeneyo ndi amene atsiriza madigiri m'zaka zaposachedwazi, ndipo pali amene anayamba kuphunzira kiyibodi yojambulidwa pa bolodi ndi choko. Anzawo a m'masukulu olipira anali ndi kompyuta kunyumba kuyambira ali aang'ono. Onsewa amakumana m'kalasi imodzi chaka choyamba, n'kulemba mayeso amodzi.

Vuto lina linaonekera kumapeto kwa ulendo. Omaliza maphunziro ankatuluka ndi mapepala abwino, koma ambiri asanamangepo pulogalamu imene munthu weniweni anaigwiritsa nchito. Olemba nchito ankafuna zaka za luso, ana alibe kumene angazitenge. Ichi ndi chimodzi mwa zimene zinachititsa Lukonga Lindunda, Simunza Muyangana, Silumesii Maboshe ndi Bart Cornille kuyambitsa BongoHive mu 2011, malo amene achinyamata ankakumana kulemba mapulogalamu pamodzi ndi kuphunzitsana. Posakhalitsa Ella Mbewe, Regina Mtonga ndi Chisenga Muyoya anayambitsa Asikana Network, poona kuti m'makalasi a kompyuta atsikana ankawerengeka ndi zala. Nkhani ya atsikana ife timaiona ikuyambira kunyumba. Mu komboni, foni kapena laputopu ikapezeka m'nyumba, kawirikawiri imagwera mwana wamwamuna, mlongo wake ali ku mpopi kapena pa mbaula. Pofika Giredi 12 wina wagwira makina zaka zisanu, wina sanawagwire, kenaka timati atsikana sakonda kompyuta.

Tikayang'ana pa msewu uliwonse wa ku Kanyama kapena ku George lero, timaona mabooth achikasu ndi ofiira atandandalikana. Zambia inayamba msanga pa ndalama za pa foni: Celpay inayamba muno mu 2002, zaka 5 M-Pesa isanayambe ku Kenya, ndipo Zoona inabwera mu 2009 Airtel Money ndi MTN zisanadzaze misika. Amai ogulitsa tomato ku Soweto amalandira ndalama pa foni, mayunitsi a malaiti timagula pa foni, fomu ya ngongole ya ku yunivesiti imene ija imadzazidwa pa intaneti. Moyo wa mu komboni wakhazikika pa mapulogalamu. Funso limene ife timaliona kuti ndi lalikulu ndi lakuti amene amawalemba ndani. Ochuluka mwa mapulogalamu akuluakulu a m'mabanki ndi m'makampani a mafoni amagulidwa kunja, ndipo omaliza maphunziro athu ambiri amalembedwa kuti aziwasamalira, kuika zingwe ndi kuthandiza ogwira nchito akaiwala pasiwedi. Ndi nchito yabwino, imalipira lendi. Koma siifuna zonse zimene munthu anavutikira zaka 4, ndipo amene amafuna kumanga zawozawo ena amathera kugwirira makampani akunja ali m'chipinda ku Chilenje, ena amakwera ndege. Kuyambira 2018 palinso lamulo lofuna kuti ogwira nchito za ICT alembetse ku ICTAZ, bungwe limene linalowa m'malo mwa Computer Society of Zambia. Ena amati limateteza nchitoyi kwa achinyengo. Ena amafunsa za mnyamata wa ku Chawama amene anadziphunzitsa yekha pa YouTube ndipo amalemba mapulogalamu kuposa a digiri, kuti iyeyo aima pati.

Mu 2024 chilala chinabwezanso Kariba pansi, ndipo m'makomboni ambiri malaiti ankabwera maola atatu chabe pa tsiku, nthawi zina pakati pa usiku. Ophunzira kompyuta anasanduka akadzidzi, kudzuka 02:00 kuti atchaje laputopu ndi kutumiza asainimenti. Ena ankapita kukakhala m'mamolo, pafupi ndi soketi, atagula botolo limodzi la madzi kuti alonda asawathamangitse. Chaka chomwecho boma linatulutsa ndondomeko ya dziko ya Artificial Intelligence. Zonse ziwirizi ndi zoona, ndipo zinachitika mu mzinda umodzi.

Pali nchito imodzi yochokera ku dipatimenti ya Computer Science pa UNZA imene imatikhudza ife a pa wailesi mwachindunji. Makina amene amamva mawu a munthu n'kuwalemba amaphunzira pomvetsera maola ambirimbiri a anthu akulankhula. Chingerezi chili ndi maola osawerengeka, zinenero zathu zinali ndi ochepa kwambiri. N'chifukwa chake mukalankhula Chinyanja kwa foni yanu imalemba zopanda mutu, ndipo ngakhale Google Translate, imene inaika Chichewa mu 2014, imapunthwa ikakumana ndi Chinyanja cha mu Lusaka chosakanizika ndi Chibemba ndi Chinsenga. Claytone Sikasote, mphunzitsi pa dipatimentiyo, anayamba ndi kusonkhanitsa mawu a Chibemba pa nchito yotchedwa BembaSpeech. Kenaka mu 2023 iye ndi anzake anatulutsa Zambezi Voice, ya Chibemba, Chinyanja, Chitonga ndi Chilozi. Muli maola oposa 80 a anthu akuwerenga mabuku, mawu ake atalembedwa pambali, ndi maola 160 a nkhani ndi makambirano ojambulidwa kuchokera pa wailesi. Anaziika poyera kuti aliyense wofuna kumanga nazo chinthu atenge kwaulere. Poyerekeza ndi Chingerezi maola amenewa ndi kadontho, ndipo mbali ya wailesiyo sinalembedwe, ikudikira anthu odziwa chinenero kuti akhale pansi, amvetsere, alembe liwu ndi liwu. M'makabati a mawailesi athu a m'madera muli matepi, ma CD ndi mahadi diraivi a zaka zambiri: amai a mu msika akudandaula za ngalande, madala a ku Matero akukangana za mpira, anamwino akufotokoza za kolera m'Chinyanja chimene wa ku Kanyama amamva. Ambiri mwa iwo alibe ngakhale chizindikiro cha tsiku limene anajambulidwa, ndipo diraivi ikadzaza timafufuta akale kuti pulogalamu ya mawa ipeze malo.